Pulinta ya Kumafayilo Itayamba Kulemba Maina

Pachipatalapo ankangomutchula kuti Nawaya, chifukwa kulikonse kumene wapita, m'thumba mwake munkalendewera mawaya. Ndiye ankasamala makompyuta onse, kuyambira polembetsa odwala mpaka kuchipinda cha mafayilo.

Lachinayi lina madzulo, akutseka chikwama kuti aweruke, anaona uthenga wochenjeza. Pulogalamu yotumiza zolemba ku pulinta inali ndi chibowo. Malo amene imasungira dzina la fayilo ndi ochepa. Munthu akaipatsa dala dzina lalitali kwambiri, zilembo zimasefukira ngati madzi m'ndowa yodzadza, n'kukalowa pamene kompyuta imalandirira malamulo. Zikatero, wakuba ali kutali amailamula ngati yake. Ndipo m'kompyuta ya kumafayilo ndi mmene munali zinsinsi za odwala onse.

Mtima sunamulole kupita kwawo. Anaimbira mwamuna wake.

"Bambo, gonekani ana. Ine ndichedwa."

"Ukwatiwe nazotu kompyuta zakozo," anatero mwamunayo akuseka.

Chipinda cha mafayilo chinali kumapeto kwa khonde, moyang'anizana ndi nyumba yachisoni. Munali mashelefu a fumbi, mpando wothyoka mkono, ndi pulinta yakale ya mapepala olumikizana, yolira ngati nyenje. Nawaya anayamba kukoka pa intaneti pulogalamu yotseka chibowocho. Inkayenda ngati nkhono. Anakhala. Anaimirira. Anakhalanso.

Itangopitirira teni koloko, pulinta inatsokomola.

Nawaya anacheuka. Sanatumize kanthu. Koma pepala linayamba kukwera, lodzadza ndi chilembo chimodzi chokha: a, a, a, mzere ndi mzere, popanda mpata.

Anadziwa msanga. Wina ankayesa chibowo chija.

Anagwada pansi pa tebulo n'kuzula waya wa intaneti. Pulinta sinaleke. Anatsegula pamene pamaoneka ntchito zodikira kusindikizidwa. Inalipo imodzi. Dzina lake linadutsa malire a sikirini, koma pa malo a wotumiza panalibe chilichonse.

Anazimitsa kompyuta yonse. Sikirini inada bii.

Pulinta inapitiriza.

Tsopano pepala linafika pansi n'kuyamba kudzipinda lokha. Nawaya analigwira ndi zala ziwiri. Zilembo zija zinali zitasintha. Anali maina a anthu, ophatikizana, lina kumamatira linzake. Anatsegula chitseko n'kukuwa kuitana mlonda.

Mlondayo, bambo wachikulire wotsimphina, anabwera ndi tochi yake.

"Kwagwanji, mayi?"

"Taonani apa, madala. Kompyuta ndazimitsa."

Mlonda anaunika pepalalo, milomo ikugwedera powerenga. Anaika chala pa dzina lina.

"Awa ndi aphunzitsi aja anatisiya mwezi watha. Ndinathandiza kuwanyamula ndine." Chala chinatsika. "Awa ndi a ngozi ya lole aja. Uyu ndi wa Lolemba. Uyu wa dzulo." Anatembenukira kwa Nawaya. "Akubwera mu ndondomeko yake, mayi. Mmene analowera pakhomo ilo."

Onse awiri anayang'ana chitseko cha nyumba yachisoni. Chinali chotseka, loko ali pomwepo.

Pulinta inalemba dzina linanso. Mlonda anapukusa mutu, ngati wapepukidwa.

"Apa pokha yanama. Mayi awa ali moyo. Ndawaona posachedwapa kuwodi, mwana wawo akuwamwetsa madzi."

Asanatseke pakamwa, kuwodi ya amayi kunamveka kulira. Mawu amodzi kaye, aatali. Kenako ambiri. Mapazi a anamwino anathamanga pakhonde.

Tochi inagwa m'manja mwa mlonda n'kugubuduzika pansi pa shelefu.

Pulinta inachepetsa liwiro. Tsopano inkamenya chilembo chimodzi, n'kupuma. Nawaya anawerama, maso ali pa pepala. Chilembo choyamba. Anagwira m'mphepete mwa tebulo. Chachiwiri. Chachitatu.

Zinali zilembo zitatu zoyamba za dzina lake lenileni, lija anam'patsa makolo ake.

Anadumpha n'kuzula pulagi ya pulinta kukhoma. Pulinta inabuula kamodzi, n'kukhala chete. Zii.

"Ndi lanu?" anafunsa mlonda monong'ona.

"Maina oyamba choncho ndi ambiri," anatero Nawaya. Mawu ake sanamveke ngati ake.

Anatuluka, ndipo sanalowenso m'chipindamo. Anakhala pabenchi ya pakhonde, pulagi idakali m'maganizo mwake, khutu lili kuchitseko. Ankadzigwira pachifuwa kumva ngati mtima ukugundabe. Ankaimirira, kuyenda mpaka pazenera, kubwerera. Mlonda anakhala naye, akupemphera chamumtima.

Anthu a pachipatalapo amanong'onezana mpaka lero. Ena amati anali akuba a pa intaneti ofuna kuopseza. Ena amati wakuba wanji amalamula makina ozimitsa. Koma onse amagwirizana pa zimene zinachitika kukucha.

Kunja kutayamba kuyera, Nawaya anapumira m'mwamba. Anali moyo. Anatsala pang'ono kuseka. Pomwepo foni inanjenjemera m'thumba mwake.

Anali mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake. Munthu amene sanamuimbirepo m'mamawa chikwatire.

Apa m'pamene anakumbukira. Mayi awo ankakonda maina ofanana. Dzina lake ndi la mng'ono wakeyo ankasiyana chilembo chomaliza chokha.

"Yankhani, mayi," anatero mlonda.

Nawaya anangoiyang'ana. Foni inaleka. Kenako inayambanso.