Chala cha a Clarrie ndi Kagetsi Kothwanima

Pampu ya pachitsime itafa, ng'ombe mazana anayi za Dulcie Harkin zinatsala ndi madzi a masiku awiri okha. Mwamuna wake, Merv, anali chigonere ndi mwendo wothyoka, choncho Dulcie anatenga mlamu wake, a Clarrie, ulendo wa ku tawuni ya Quilpie kukagula chitsulo chatsopano cha pampuyo. Sanawatengere nzeru ayi. Ankafuna munthu wotsegula mageti panjira.

Popita kunalibe vuto. Pobwerera, atasiya tala n'kulowa mumsewu wa fumbi lofiira, dzuwa lili paliwombo, galimoto inayamba kunjenjemera ngati wodwala malungo. Kagetsi kachikasu kochenjeza za injini kanayamba kuthwanima kuseri kwa chiwongolero.

"Kasiyeni ako, alamu," anatero a Clarrie akutafuna payi wa nyama wachitatu. "Ka m'galimoto yanga kayaka zaka zisanu. Ndinakamata tepi, pano timakhala mwamtendere."

"Kanu kamangoyaka. Aka kakuthwanima," anayankha Dulcie. "Ndiye kuti pulagi ina yagona, petulo akutsikira kupaipi ya utsi osapsa. Tikaumirira, tiwotcha zinthu kunsi kuno, mwinanso udzu wonsewu."

Anaimika galimoto pambali pa chulu cha mchenga. Foni inalibe netiweki. Nyumba yapafupi inali yake yomwe, makilomita makumi asanu ndi anayi kutsogolo. Anawerenga zigubu za madzi akumwa, zinali ziwiri. Kenako anakumbukira ana a ng'ombe amene ankadikira madzi kunyumba.

Atatsegula boneti, fungo linawalonjera. Mbewa zinali zitachuluka chaka chimenecho, ndipo zina zinamanga chisa cha udzu ndi mapepala pamwamba penipeni pa injini.

"Zatafuna waya wa pulagi izi, moto ukuthawira panjira," anatero Dulcie akuchotsa chisacho ndi mtengo. "Ine ndikuliza injini. Inu muziyang'ana mawaya asanu ndi mmodziwo. Mukaona moto ukulumpha, mundiuze. Kuyang'ana, alamu, osati kugwira."

"Ndinayamba kukonza magalimoto inu muli kumsana," anatero a Clarrie.

Injini inalira motsokomola. Dzuwa linali lowala kwambiri moti kamoto sikakanaoneka, choncho a Clarrie anayamba kusisita mawayawo ndi chala. Woyamba, zii. Wachiwiri, zii. Wachitatu, chimodzimodzi. Pa wachinayi anadumpha m'mwamba, mutu gu! paboneti, n'kugwa chagada mumchenga.

"Njoka! Mayo ine, yandiluma njoka!"

Dulcie anathimitsa injini n'kuthamangirako. Anayang'ana chalacho, panalibe bala. Anali magetsi chabe.

"Waya uti?"

"Ndikufa, alamu!"

"Mufe mutandiuza waya."

"Wachinayi," analira a Clarrie.

Zinali zoona. Kunsi kwa wayayo mbewa zinali zitasenda mphira mpaka mkati. Dulcie anadula kachidutswa ka paipi yothiririra imene inali m'galimotomo, nakang'amba m'litali kuti akaveke wayayo. Ali mkati mozenga tepi, anamva kubangula kumbuyo kwake.

Kukuwa kwa a Clarrie kunali kutadzutsa mwini dera. Pamwamba pa chulu panaima ngamila yam'tchire, yamphongo, thovu lili phu kukamwa. Inatsika molunjika, ikutafuna mano.

"Isafike kuno!" anakuwa Dulcie. "Ndipatseni mphindi zisanu!"

"Ndiyiuze chiyani?"

"Iuzeni za magalimoto munakonza aja!"

A Clarrie, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, anakwera padenga la galimoto ngati nyani. Ngamilayo inangotambasula khosi n'kuwapeza pomwepo. Anaigenda ndi payi wotsala, iyo inamununkhiza n'kumuponda. Anaikupiza ndi chipewa, iyo inachilanda n'kuyamba kuchidya pang'onopang'ono, ikuwayang'ana m'maso.

Dulcie anazenga tepi katatu, anamanga wayayo kuti asakhudze chitsulo, anamenyetsa boneti n'kulowa. Injini inalira bwinobwino, osatsokomola. Kagetsi kaja kanangoyaka phee, osathwanimanso.

"Gwiritsani!" anakuwa, n'kuponda moto.

Ngamila inawathamangitsa mtunda ndithu, a Clarrie atagona chafufumimba padenga, akutchula mayina a oyera mtima amene anawaiwala kalekale. Dulcie anaima pokhapokha fumbi la chilombocho litazimiririka. Mlamu wake anatsika wofiira ngati njerwa, ndipo kwa makilomita makumi atatu sanalankhule, chinthu chimene Dulcie anali asanachionepo chikwatiwire.

Anafika dzuwa litapendeka. Ng'ombe zinali zitaunjikana pomwera, zikulira, m'thanki mutatsala matope. Anamanga pampu asanalowe n'komwe m'nyumba. Madzi atayamba kutuluka, Dulcie anakhala pansi mufumbi, n'kumangoonerera ana a ng'ombe akumwa.

Merv anawalandira pakhonde, mwendo uli pampando. Atamva za kagetsi, anafunsa amene anapeza vutolo.

A Clarrie anaimika chala m'mwamba. "Ichi. Popanda makina, popanda makaniko."

Dulcie anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma anapeza kuti bodza palibe.

"Achimwene, mwatithandiza," anatero Merv. "Mawa mutionereko jenereta, nayo ikutsokomola."

A Clarrie anatsitsa chala chija mwakachetechete, n'kuchilowetsa m'thumba.