Madzi Amene Anasanduka Mwala

Tasila amakhala ku Luembe. Mawa adzayimba kutchalitchi. Akufuna atate ake akamumve. Koma phazi la atate latupa. Anapunthwa pa chitsa kumunda.

Amayi agula mchere ku Nyimba. Si mchere wa ndiwo ayi. Ndi wothira m'madzi oviikamo phazi.

"Tasila, thila mchele uja m'madzi ofunda," atero amayi. "Uvundule mpaka usungunuke."

Tasila ndi mwana waphuma. Kufunsa alibe nako ntchito. Kuseri kwa chitseko wapeza thumba. Muli ufa woyera mbee!

Wathira m'beseni. Wavundula ndi kamtengo. Ufa sukusungunuka. Wathiranso wambiri. Wavundula, wavundula. Madzi asanduka phala!

Atate abwera motsimphina. Akhudza phalalo ndi chala chachikulu cha kuphazi. Achichotsa msanga.

"Ah! Mankhwala anji olimba telo?"

Onse ayang'ana m'beseni. Kamtengo kaima kokha. Tasila wakoka, koma sikakuzuka. Beseni layamba kutentha, moto palibe!

"Mayo ine!" akuwa amayi. "Madzi asanduka mwala!"

Tasila wachita mantha. Bwanji phazi lonse likanalowa? Misozi yayamba kutsika.

Amalume Josiah afika akuthamanga. Iwo ndi mmisiri womanga nyumba. Aona thumba lawo, agwira pakamwa.

"Pulasitala wanga! Uyu nimamatila ming'alu, mwana iwe!"

"Koma ni woyela, amalume," atero Tasila.

"Zoyela n'zambili," atero amalume. "Pulasitala na mchele uja ni a banja limodzi, lotchedwa salifeti. Koma mchele wa amai ako umasungunuka. Wangayu amamwa madzi, n'kuuma gwa."

Amayi atulutsa kapaketi pa shelufu. Ulendo uno Tasila wafunsa kaye.

"Ni uyu, amai?"

"Ni yemweyo."

Wathira m'madzi ofunda m'beseni lina. Wavundula. Mchere wasowa! Madzi ali mbee, pansi pa beseni pakuoneka. Atate aviika phazi, apuma mpweya wautali.

M'mawa atate ayenda pang'onopang'ono, ndodo kumanja. Afika kutchalitchi. Akhala kutsogolo. Tasila wayimba mokweza, mtima uli m'malo.

Pobwera, amalume agadabuza beseni loyamba lija. Mwala wagwa, wozungulira ngati mwezi. Pakati pali kadzenje ka chala cha atate.

Tasila wauyika pakhomo, wopondapo polowa.

"Atate, pondani," atero. "Chala chanu chafika kale."

Atate aseka mpaka ndodo yagwa.