Injini ya Eni Ake

Pakhomo pa a Frackson Mhone, kufupi ndi Bandawe, mlendo akagonapo ankachoka akusirira. A Mhone anali mkulu wa mpingo, ndipo pa unyamata wawo anagwira ntchito ya umakaniko ku Halale. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi masuti ndi magalamafoni, koma iwo anabwera ndi Landilova yakale yobiriwira. Galimoto imeneyi ndiyo inkadyetsa banja. Inkanyamula usipa wouma kupita nawo ku Mzuzu, pobwera n'kutenga mchere, sopo ndi anthu.

Maso awo atayamba kufooka, anapereka makiyi kwa mwana wawo Edwin.

"Galimoto iyi ndi nkhalamba ngati ine, uziimvera," anatero a Mhone. "Kanyali kofiira aka kakayaka, uime pomwepo, ngakhale pakati pa mlatho."

"Ndamva, Ada."

Kumva anamvadi, koma mnyamata wamakiyi m'thumba sasowa anzake, ndipo anzake a Edwin anali a ludzu. Posakhalitsa mayi ake, a Nyamanda, anayamba kumva fungo la kachasu pa malaya ake pochapa. Anamudzudzula, iye n'kuti ndi fungo la anthu amene amawanyamula.

Loweruka lina kunali malipenga ku Kande. Edwin anadzaza anzake m'galimoto, ndipo pobwera, mowa uli m'mutu, anasiya msewu n'kudutsa njira yamiyala kuti atsikana amuone. Mwala unamenya kunsi, oyilo n'kuyamba kutayika. Kanyali kofiira kanayaka.

"Kameneko n'kokongoletsa chabe! Ponda moto!" anzake anakuwa.

Anapondadi. Pofika pakhomo injini inali kugogoda ngati munthu akukhoma msomali pa lata.

A Mhone anatuluka, n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuwawa Edwin koposa.

"Injini yanoka," anatero. "Mabeling'i apsa, ndipo kilanki, chitsulo chozungulira cha m'kati mwa injini, yakalika. Palibe kuchitira mwina. Tiitsitsa, tiiphwasula, chitsulo chilichonse titsuka. Kilanki titumiza ku Blantyre pa sitima kuti akaipale. Iwe ukhala maso anga ndi manja anga. Waiwononga ndiwe, uimanganso ndiwe."

"Mpaka liti, Ada?"

"Mwina mvula ikamatha."

Mvula inali isanayambe n'komwe. Khirisimasi inali pafupi, gule wa chilimika ali m'njira, ndipo Edwin amene dzulo ankaliza huta pamsika tsopano ankayenda wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Anzake a ludzu aja anangomuiwala.

Amene anamukumbukira anali Levison, makaniko wa pagalaja ya esiteti ina ya mphira. Anali munthu wa pakamwa potsekemera, woseka ndi aliyense.

"Mphwanga, madala amakonda kuvutika," anatero Levison atamugulira botolo. "Kumanga injini? Udzamera imvi ukudikira sitima. Kwathu kugalaja kuli Landilova ya kuchipatala cha esiteti, yabwera kudzapentedwa. Injini yake ndi yofanana ndi yanuyo, koma ikadali yatsopano. Tingosinthanitsa."

"Nanga yathu yogogodayi?"

"Ndiika tizikopa m'mabeling'i, ndithira oyilo wolimba, ikhala chete. Ikadzafa, esiteti igula ina. Iwo samva kuwawa."

"Koma ija imanyamula odwala, achimwene."

"Ndiye bwino. Galimoto ya odwala sathamangitsa. Ine sindikufuna kanthu kwa iwe, kungoti tsiku lina ndikafuna kunyamula kakatundu, uzindikumbukira."

Edwin anayamba wayesa madzi kunyumba. Anauza bambo ake kuti wamva za injini yabwino ya galimoto imene inagubuduka ku Mzuzu.

"Mwini wake ndani?" anafunsa a Mhone. "Ubwere naye pano ndimupatse moni. Injini yopanda mwini kulibe."

"Wakuuza zimenezi ndi Levison, eti?" anatero a Nyamanda. "Mwana wanga, munthu uja akamakusekerera, uziyang'ana m'thumba mwako."

Patangopita nthawi pang'ono kunagwa maliro ku Usisya, ndipo makolo onse awiri anakwera sitima. Lamulungu lotsatira Edwin sanapite kutchalitchi. Anayendetsa Landilova yogogoda ija pang'onopang'ono mpaka kuseri kwa galaja ya esiteti. Kapitawo anali kumapemphero, mlonda anali atapatsidwa chomusangalatsa. Belu la tchalitchi likulira, iwo anali akukoka tcheni. Nyimbo zikumveka kutali, injini ya odwala inali lende m'malere. Pomwe dzuwa linkapendeka, galimoto ziwirizo zinali zitasinthana mainjini, ndipo Levison anali kupukuta manja akuimba mluzu.

Edwin anasangalala, sindinganame. Galimoto inkakwera zitunda ngati palibe chitunda. Anzake anabwerera onse, ndi ena oonjezera.

Tsiku limene makolo anafika, a Mhone anangomva kulira kwake ali pakhonde.

"Zimitsa. Iyi si injini yanga. Yanga ili kuti?"

"Ndinasiyira amene anandipatsa iyi, Ada. Ndi ya ku Mzuzu ija."

"Mwini wake?"

"Anapita ku Joni."

A Mhone anati, "Ine sindikweramo, ndipo usipa wanga sukweramo. Ichotse pakhomo panga. Udzabwere nayo tsiku limene udzabwere ndi mwini wake, kapena ndi zoona."

Galimoto inayamba kugona kwa Levison, ndipo kakatundu kaja kanayamba. Lero migolo ya petulo wa esiteti, mawa matayala, mkuja malata. Edwin anasanduka dalaivala wa wakuba. Atayesa kukana, Levison sanaseke.

"Injini ya odwala ili m'galimoto ya ndani? Ya ine? Ndi ya a Mhone, mkulu wa mpingo. Ndikatsegula pakamwa, woyamba kumangidwa ndi iwowo. Masiku ano munthu akatengedwa safunsa kuti ndibwera liti. Ukufuna bambo ako akaone zimenezo ndi maso awo aja?"

Edwin anazindikira kuti walowa m'mono ngati nsomba. Kunyumba sakanatha kuyang'ana bambo ake kumaso. Kwa Levison sakanatha kuchoka. Koma chimene chinkamudya kwenikweni chinali galimoto yoyera ija, yopentedwa mokongola, imene inkadutsa pamsewu ndi odwala kupita ku chipatala cha ku boma. Ikamadutsa, iye ankaima n'kutchera khutu. Poyamba inali chete. Kenaka anayamba kumva kaphokoso kakang'ono, kamene munthu wina sakanakamva. Mvula itakhazikika, kaphokoso kaja kanakula.

Tsiku lina dalaivala wa galimoto yoyera ija, a Amon, bambo wofatsa wa ana ambiri, anaima pamsika wa Chintheche n'kupatsa Edwin moni.

"Mwe uli, a Edwin? Inu ndinu mwana wa makaniko, tamverani galimoto yangayi. Yayamba kudandaula. A Levison akuti ndi petulo woipa, ndisade nkhawa."

Mawu anafika pakhosi pa Edwin. Akanangoti, musanyamulemo munthu, injiniyo ndi yakufa. Koma anaona bambo ake atamangidwa unyolo, anadziona yekha ali m'ndende.

"Musamaithamangitse," anatero. Ndi zokhazo zimene ananena.

Madzulo ake anapita kwa Levison, n'kumupempha mpaka kugwada kuti abwezere injini ija.

"Wapenga? Kapitawo tsopano sachoka pagalaja. Isiye ife yokha, mlandu ufere pomwepo."

Edwin anaonda. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, nyimbo osatuluka. Kangapo konse anafika pakhomo la chipinda cha bambo ake, dzanja n'kulikweza kuti agogode, n'kubwerera. Ankadziuza kuti anena mawa. Ankapemphera pemphero loipa, loti injiniyo ifere pagalaja kapena ife ilibe munthu, ngati kuti Mulungu ndi mnzake wobisa naye mlandu.

Tsiku lina la mvula, chakumasana, Levison anamutuma ku boma ndi migolo. Msewu unali matope okhaokha, ndipo galimoto sizinkayenda. Atadutsa Sanga, pakati pa chitunda chachitali, anaona galimoto yoyera itaima, boneti lili yasa. Oyilo wakuda anali atayenderera m'matope. A Amon anali pakati pa msewu, manja ali m'mwamba, atanyoweratu.

"Mulungu wakutumani! Injini yabooka. Taima pano chiyambire m'mawa, palibe galimoto yadutsa. Muli mayi wapakati, mwana wapingasa, akutaya magazi!"

Edwin anagubuduzira migolo ija kuthengo. Mayiyo dzina lake anali Belita, ndipo anali wamng'ono, msinkhu wa Edwin yemweyo. Anamunyamula namwino ndi mwamuna wa Belitayo, Christopher, wochokera ku Mulanje, amene ankagwira ntchito yocheka mitengo ya mphira. Belita sankalira n'komwe. Milomo yake inali itayera.

Edwin anayendetsa monga sanayendetsepo. Injini inakoka, matope n'kumauluka, zitunda n'kumatha. Inali injini yabwino, ndipo inagwira ntchito imene anaigulira. Kumbuyo ankamva Christopher akuti, "Limba, mayi, tafika. Limba." Madenga a chipatala ataoneka, mawu aja analeka. Namwino anagogoda pagalasi n'kunena kuti asathamangenso.

Belita anamwalira pamodzi ndi mwana wake.

Atatsitsa mtembo, Christopher anabwera kwa Edwin, amene anali atatsamira galimoto. Anamugwira manja onse awiri.

"Achimwene, mwayesetsa. Simundidziwa, koma mwataya katundu wanu chifukwa cha mkazi wanga. Galimoto yathu ija ikanakhala ndi mphamvu ngati yanuyi, bwenzi Belita ali moyo. Mulungu akudalitseni, inu ndi amene anakuberekani."

Edwin akanakonda munthuyo akanamumenya. 

M'mawa mwake mbiri inamveka kuti Levison wauza akuluakulu a esiteti kuti a Amon ankayendetsa galimoto osaona oyilo. A Amon anachotsedwa ntchito, ndipo apolisi anawatenga kukawafunsa za imfa ija. Levison anatumiza uthenga kwa Edwin woti zatha bwino, angofotokoza za migolo yake.

Edwin anapeza bambo ake atakhala pansi pa mtengo wa mango, pamene anakonza zoti adzapachike tcheni chotsitsira injini. Anagwada m'matope n'kunena zonse, kuyambira pa botolo la Levison mpaka pa mawu a Christopher. A Nyamanda, amene anali kuyanika chinangwa, anakhala pansi n'kuyamba kulira mokweza ngati pamaliro.

Misozi inatsika pa masaya a a Mhone. "Ndinakuuza kuti timange, mwana wanga. Tikanayenda wapansi miyezi ingapo, anthu n'kutiseka, basi. Inenso ndinalakwa. Ndinadziwa kuti ukunama, koma ndinangothamangitsa galimoto m'malo mokufinya mpaka unene."

"Ada, akumangani inuyo. Galimoto ndi yanu."

"Andimange. Amon ali m'chitokosi chifukwa cha ife. Tenga jekete langa, undigwire dzanja. Tikupita ku polisi."

Anayenda wapansi mpaka ku Chintheche, mwana akutsogolera bambo ake, anthu akuyang'ana. A Mhone anagona m'chitokosi masiku angapo, kenaka anamasulidwa. A Amon anabwerera pa ntchito. Levison anagwidwa akufuna kukwera sitima. Landilova inalandidwa, ndipo pakhomo paja, pamene alendo ankasirira, a Nyamanda anayamba kusenza usipa pamutu kupita nawo kumsika.

Tsiku la mlandu Christopher analipo. Woweruza atagamula kuti Edwin akagwire ukaidi, munthu uja anamudikira pakhomo. Sanatukwane. Anangomuyang'ana ndi maso otopa.

"Ndiye tsiku lija, pamene ndinkakudalitsani, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa," anatero Edwin.

"Ndipo a Amon atakufunsani pamsika, munkadziwanso?"

"Ndinkadziwa."

Christopher anagwedeza mutu, n'kutembenuka, n'kumapita. Sanabwererenso ku esiteti.

Edwin analapa, ndipo atatuluka m'ndende mpingo unamulandira. Timakhulupirira kuti Mulungu anamukhululukira. Koma iwe mnyamata amene ukuwerenga, usadzinamize ndi mawu oti iwo samva kuwawa. Ukaba, amene adzamve kuwawa ndi munthu amene sunamuonepo, ndipo adzakumva pa tsiku limene alibe pothawira. Ukawononga chinthu, khala pansi uchikonze, ngakhale anzako akuseke. Ukachimwa, ulula lero, pakamwa pako pakadali ndi mphamvu yopulumutsa munthu. Edwin anadikira mawa, ndipo pamene ankalankhula, Belita ndi mwana wake anali ali kale m'manda, kutali ndi kwawo.