Kampata Kakuda m'Diso la Rahma

Rahma anaika chibwano pa makina monga anamuuzira adokotala a maso, koma amene anali ndi mantha anali mchimwene wake Jaffalie, ataima pakona ngati nkhuku yonyowa.

"Usaope, mwanangu, palibe chikukhudze," anatero adokotala. "Makinawa amalowetsa kuwala kofatsa m'diso, n'kujambula kansalu ka mkati kamene timaonera, mzere ndi mzere."

Nkhaniyi inayambira ku Chiponde. Jaffalie, mnyamata wa Fomu 2 wokonda kutchuka, anagula kwa amalonda a pamalire katochi ka laza, kotulutsa kuwala kobiriwira, kakuthwa ngati singano. Iye ndi anzake ankawalitsana m'maso pa mpikisano: woyamba kuphethira waluza. Tsiku lina anayesa mlongo wake wamng'onoyo. Rahma, pofuna kuti achimwene amutame, sanaphethire.

Kuyambira pamenepo mwanayo ankawerenga atatsinzina diso limodzi, ndipo ku madrasa ankamunena kuti ndi wachibwana. Jaffalie anabisa zimene anachitazo, kuiwala kuti mlandu suola. Potsiriza mayi awo anawatenga onse awiri kupita ku chipatala chachikulu cha mumzinda.

Chithunzi chinatuluka pa kompyuta. Panali mizere yotuwa yosanjikizana bwinobwino, koma pakati penipeni panali kampata kakuda.

"Apa papsa," anatero adokotala akuloza. "Ndi pamene munthu amawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Rahma, unayang'ana dzuwa, kapena china chowala kwambiri?"

"Sindikukumbuka," anayankha mwanayo ataweramitsa mutu.

Bodza lomuteteza limenelo linamupweteka Jaffalie kuposa mkwapulo. Anapisa m'thumba n'kutulutsa katochi kaja.

"Ndine, amayi. Tinkangosewera."

Mayiwo sanakalipe. Anangofunsa ndi mawu otsika: "Adokotala, mankhwala alipo?"

"Pakapsa chonchi, kawirikawiri sipabwerera mwakale. Tisamale diso linalo." Kenako anatembenukira kwa Jaffalie. "Nanga anzako ali nato timatochi timeneti?"

Jaffalie anagwedeza mutu kuvomera. Anadziwa kuti ayenera kukawauza yekha, khomo ndi khomo, ngakhale amuseke.

M'minibasi pobwerera kumudzi, misozi inkangotsika m'masaya mwa Jaffalie. Rahma anatseka diso labwino lija ndi chikhatho, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi mukulira, achimwene?" anafunsa. "Ndi diso ili ndikuona makutu anu ndi malaya, koma nkhope yanu palibe."