Mwala Woyera wa Ishbel

Kunali m'mawa. Nkhungu inali itakuta phiri. Mphepo yozizira inkachokera kunyanja.

Ishbel anali ndi mwala woyera m'thumba. Ankafuna kukwera nawo phiri.

Pamwamba pa phirilo pali mulu wa miyala. Ndi manda a anthu akalekale. Munthu akafikapo, amaikapo mwala. Mwalawo umatanthauza kuti, "Sindikuiwalani."

Amayi ake a Ishbel ankaikapo mwala chaka chilichonse. Koma amayiwo anamwalira. Chimwalirireni iwo, bambo ake a Ishbel, a Murdo, sanakwerenso phirilo.

"Adadi, tiyeni kuphiri," anatero Ishbel.

"Nkhosa zikundidikira, mwanangu."

"Nkhosa zili ndi udzu. Amayi alibe mwala."

Bambo anavala chipewa.

Awiriwo anayenda, nayenda. Anafika pa nsanja yakale ya miyala. Inali yozungulira, yopanda denga. Analowamo kubisala mphepo.

"Timiyendo tako tatopa?" anafunsa bambo.

"Ayi. Wotopa ndinu. Mukupuma ngati ng'ombe!"

Bambo anamwetulira pang'ono.

Anakwera, nakwera. Anafika pa mulu uja.

Ishbel ankafuna kuika mwala wake pafupi ndi wa amayi. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Miyala yonse inali yotuwa. Yonse inali ndi ndere.

"Adadi, mwala wa amayi ndi uti?"

"Sindikudziwa, mwanangu."

"Ndiye kuti watayika," anatero Ishbel. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Bambo anagwada. Anagwira dzanja la Ishbel. Analiika pa mulu.

"Sunatayike. Uli m'katimu. Wanyamula miyala inzake. Ika wako paliponse. Miyala yonseyi yagwirana."

Ishbel anaika mwala wake woyera. Anauika pang'onopang'ono.

Bambo anapisa dzanja m'thumba la jekete. Anatulutsa kamwala kakuda. Kanali kosalala chifukwa chogwiridwa kwambiri.

"Munakatola liti, adadi?"

"Kalekale. Ndinalibe wobwera naye."

Anakaika pambali pa mwala woyera. Miyala iwiriyo inakhudzana.

Ishbel ndi bambo anaima pamenepo. Mphepo yokha ndiyo inkamveka.

Kenako anatsika atagwirana manja.

Kunyumba, nkhosa zinali kulira pachipata.

"Wamva? Zikutidandaula," anatero bambo.

Bambo anatsegula chipata. Ishbel ananyamula ndowa, n'kupita kukatunga madzi a nkhosa.