Khadi la Malemu Wilisoni

Elenala anamuona koyamba pa siteji ya basi ku Kachulu, chaka chimene othawa nkhondo ku Mozambiki ankaoloka Chilwa m'mabwato. Anyamata a chipani anali pakhomo la basi: wopanda khadi la chipani sakwera. Mnyamata wina wamtali wa ku Mozambiki, nsapato za mpira atazikoleka m'khosi, anangoti kakasi.

"Dzina ndani?" Elenala ananong'oneza.

"Saulosi. Ndikupita ku Zomba kuti akandiyese mpira."

"Lero ndinu Wilisoni." Anamufumbatitsa khadi la mlongo wake amene anamira m'nyanja miyezi iwiri yapitayo.

Saulosi anabwerako ndi sopo wonunkhira, ndi pakamwa pa uchi.

"Duwa langa, dziko langa ndiwe. Ndidzamanga nyumba kuseri kwa amayi akoku, ya malata."

"Mawu salima mpunga," anatero Elenala, koma mtima unali utagwa kale. Ali Folomu 2 mimba inaonekera, sukulu inathera pomwepo.

Timu ina ya ku Blantyre inamutenga Saulosi. Mwana wawo Estere ali wakhanda, inafika kalata: "Wapamtima wanga, akuti nditha kusewerera timu ya dziko, koma akufuna chikalata cha unzika. Uwapemphe amalume a Gerishomo akachitire umboni kuti ndine Wilisoni, mwana wa m'nyumba mwanu. Ndi zapapepala chabe. Zikatheka, ukwati Disembala."

"Mwana iwe, dzina la wakufa sabwereka," anatero amalumewo. Elenala anawalirira masiku atatu mpaka anakadinda chala kuboma.

Loweruka lililonse wailesi inkakuwa kuti Wilisoni wagoletsa. Amayi ake a Elenala, akamva dzina la mwana wawo wakufayo, ankatuluka kukakhala kuseri. Disembala anadutsa, wina anadutsanso. Makalata anafupika, kenako anasiya.

Elenala anagulitsa mpunga umene anakolola ku Likangala, n'kubereka mwana, ulendo ku Blantyre. Kunyumba kwa Saulosi, chitseko anatsegula mayi woyembekezera, mphete ili pachala.

"Ndikufuna a Wilisoni. Ndine Elenala."

"Alamu anga! Lowani. Amuna anga amakutchulani kuti mlongo wanga wa ku Chilwa. Uyu ndi mwana uja bambo ake anathawa?"

Elenala anayang'ana chithunzi cha ukwati chimene chinali pakhoma.

"Eya," anatero. "Anathawadi."

Akanakadandaula kuti? Kuulula chilungamo kukanamangitsa amalume amene anachitira umboni wabodza chifukwa cha misozi yake. Anamwa tiyi amene anamupatsa, chifukwa ulendo unali wautali, n'kunyamuka mwini nyumba asanabwere kokonzekera masewero.

Panapita zaka zisanu. Bondo la Saulosi linathyoka, wailesi inapeza mayina ena, mkazi uja anabwerera kwawo. Anamupatsa katimu ka ku Songani kuti aziphunzitsa. Masana ena anatulukira pakhomo pa Elenala akutsimphina, wezulo ili m'khosi momwe munkakhala nsapato muja. Anamupeza akupeta mpunga.

"Duwa langa, ndatopa. Ndabwera kudzamanga nyumba ija."

Lichero silinaime. Elenala anafufuza mkwiyo mumtima mwake, koma anangopezamo kutopa.

"Estere, bwera udzapereke moni kwa amalume ako."

Mwanayo anagwada, n'kupereka dzanja, n'kubwerera kosewera.

"Elenala, usatero. Ndine Saulosi wako."

"Saulosi sanalembedwe paliponse. Boma likuti ndinu Wilisoni, wobadwa m'mimba imodzi ndi ine. Munafuna nokha, amalume anadindira chala. Ndiye mudzi uno munamvapo munthu atamanga banja ndi mlongo wake?"



Elenala anauzira mankhusu, n'kukhuthulira mpunga m'dengu.

"Basi yomaliza imanyamuka folo koloko, achimwene. Khadi muli nalo."