Kachilombo ka M'mimba mwa Mawanga

Kamakinako kanali kakang'ono ngati njere ya nyemba, ndipo anthu ankakatchula kuti kazondi. Ng'ombe ikakameza, kankakhazikika m'chifu, n'kumafufuza tizilombo tonse tokhala mmenemo ndi kutumiza mayina ake pagalasi la m'manja la dokotala wa ziweto.

M'mawa wina m'chaka cha 2074, ku Chikwawa, Dokotala Lonjezo Kamwaza anamezetsa kazondi kwa Mawanga, ng'ombe ya Bambo Nkhwangwa. Chilala chinali chitapulula ziweto m'dera lonselo, koma Mawanga yekha ankangonenepa.

"Imadya chiyani imeneyi, bambo?" anafunsa dokotalayo.

"Majumbo, adokotala. Imakatola kudzala la kumsika. Zinzake zikadya zimatupa mimba n'kufa, koma iyoyi ayi."

Mayina a mabakiteriya anayamba kutsika pagalasi, onse odziwika kale. Kenaka panatuluka mawu ofiira: WOSADZIWIKA. Patangopita mphindi zitatu, kazondi anazima.

Lonjezo anatenga madzi a m'chifu cha ng'ombeyo n'kupita nawo kulabotale ku Blantyre. Kumeneko anawayeza. Kachilombo katsopanoko kankagaya pulasitiki n'kumusandutsa shuga. Kazondi sanawonongeke yekha, kachilomboko n'kamene kanadya chikuto chake chapulasitiki.

Anaimba foni msangamsanga. "Bambo Nkhwangwa, itsekereni m'khola ng'ombeyo. Ndowe zake zisatuluke mpaka titamaliza kufufuza."

"Mwachedwa, adokotala. Anzanga atapa kale. Akusungunula m'madzi n'kumamwetsa ng'ombe zawo. Ndikanawakaniza bwanji ziweto zawo zikufa?"

Ng'ombe zinapulumukadi. Zinadya majumbo, mabotolo ndi zigubu, misika inayera, mkaka unachuluka. Ndowe zake anthu anathira m'minda ngati manyowa.

Pamwezi wachitatu mapaipi othirira anayamba kufewa ngati phala. Mawaya a magetsi a dzuwa anasupuka, nyumba zisanu n'kupsa tsiku limodzi. Tindege topanda woyendetsa tonyamula mankhwala tinayamba kugwa m'minda ya nzimbe. Boma linatseka misewu yonse yotuluka m'chigwacho.

Lonjezo anabwerera ku Chikwawa atavala thonje lokhalokha, zida zake zili m'mabotolo agalasi. Anapeza Bambo Nkhwangwa atakhala pamthunzi wa khola, dzanja lili pachifuwa, thukuta lili kamukamu.

"Adokotala, ndiuzeni zoona. Kachilomboka kangakhale m'thupi la munthu?"

"Sitinatsimikize, bambo. Mwafunsiranji?"

"Zaka zinayi zapitazo mtima wanga unalephera. Anandiika wopanga. Ndi wapulasitiki. Ndipo ine mkaka wa Mawanga ndimamwa tsiku lililonse, wosawiritsa."

Lonjezo anatulutsa singano. Anawabaya chala, n'kudontheza magazi pagalasi loyezera. Zotsatira zitatuluka, anatembenuza galasilo kuti bamboyo asaone.

"Kalimo eti?"

"Kalimo, bambo."

"Ndatsala ndi masiku angati?"

Lonjezo anawayandikira. Anaika khutu pachifuwa pawo. Mtimawo unkagunda, koma pakati pa kugundako pankamveka kaphokoso kena, konga ka chiswe m'denga. Anakumbukira kuti m'zipatala za m'dziko muno anthu oposa zikwi makumi atatu anaikidwa mitima yotereyi, ndipo mkaka wa m'chigwacho unali utagulitsidwa m'mizinda yonse misewu isanatsekedwe.

Munthu anaphunzira kutulukira kachilombo katsopano m'mphindi zitatu, koma nzeru yokauza kuti kasiye kudya anali asanaipeze.